Momwe gulu lanu lingapezere thandizo la ndalama pa ntchito yolimbikitsa mtendere

Magulu ambiri oyanjanitsa anthu m'madera akamva kuti kwatuluka mwayi wa thandizo amathamangira kulemba pulopozo, chikalata chopempha ndalamazo. Ambiri amagwa pa chifukwa chimodzi: pulopozoyo imakamba zogwirizanitsa mbali ziwiri, pomwe oilemba onse ndi a mbali imodzi. Ndiye musanatsegule kompyuta, tsatani izi.

Choyamba, tchulani mkangano wake. Mawu akuti "kulimbikitsa mtendere m'dera lathu" aliyense angalembe. Nenani kuti akusemphana ndi ndani, pa nkhani yanji, kuyambira liti. Mwina ndi alimi ndi oweta ziweto amene akulimbirana madzi, achinyamata a zipani zosiyana nthawi ya chisankho, anthu a zipembedzo ziwiri, kapena othawa kwawo ndi eni dera. Fotokozani moti munthu wa mbali iliyonse atawerenga avomereze kuti nkhani ndi imeneyodi. Chiganizo chimodzi choloza chala chikhoza kugwetsa pulopozo yonse.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, lowetsani mbali inayo ntchito isanayambe. Kuwaitana tsiku lomaliza kuti adzangosaina n'kuwanyoza, ndipo iwo amazindikira msanga. Apatseni maudindo enieni mukomiti. Wapampando akachokera kuno, msungichuma achokere uko. Samalaninso zinthu zooneka zazing'ono. Msonkhano ukachitikira m'nyumba yopemphereramo ya mbali imodzi, kapena tsiku limene enawo amapembedza, mipando yawo idzakhala yopanda anthu, inu n'kumati akana mtendere pomwe mwawatsekera khomo nokha.

Katswiri wina wa maganizo a anthu, Gordon Allport, anafotokoza mu 1954 kuti kungokumanitsa magulu odana sikokwanira. Tsankho limachepa ngati okumanawo ali ofanana mphamvu pa zimene akuchitazo, ali ndi cholinga chimodzi, akudalirana kuti achikwaniritse, ndiponso atsogoleri awo akugwirizana nazo. Opereka thandizo ambiri amayang'ana zomwezi. Ku Northern Ireland ndi m'maboma a m'malire a dziko la Ireland, European Union yakhala ikuthandiza mapologalamu a PEACE kuyambira 1995, ndipo ya PEACEPLUS ya 2021 mpaka 2027 ili ndi ndalama zoposa mayuro 1 biliyoni. Kumeneko amalimbikira kuti Akatolika ndi Apulotesitanti, amene akhala akusemphana kwa zaka zambiri, azikumana mobwerezabwereza kwa nthawi yaitali pa ntchito yooneka. Mpikisano wa mpira wa tsiku limodzi umasangalatsa, koma ine ndingasankhe ntchito yoti mbali zonse zikonze limodzi chitsime chimene zikulimbirana, n'kukhazikitsa komiti imodzi yochiyang'anira.

Chachitatu, konzani mapepala. Pafunika malamulo oyendetsera gulu, satifiketi yosonyeza kuti munalembetsa, mayina a akomiti, zolemba za misonkhano, ndi akaunti ya kubanki ya dzina la gulu yosainidwa ndi anthu osachepera awiri. Ngati simunalembetse, pemphani bungwe lolembetsedwa kuti likusungireni ndalamazo, koma mgwirizanowo ulembedwe.

Chachinayi, sankhani khomo loyenera msinkhu wanu. Thumba la United Nations la Peacebuilding Fund, lomwe linayamba mu 2006, limapereka ndalama makamaka ku nthambi za United Nations ndi mabungwe akuluakulu. Gulu laling'ono limalowamo ngati bwenzi logwira nawo ntchito, choncho dziwanani ndi mabungwe otere msanga. Thumba la Women's Peace and Humanitarian Fund, la mu 2016, linakhazikitsidwa kuti lithandize mabungwe a amayi a m'madera m'mayiko amene lasankha. Palinso maofesi a akazembe, makhonsolo ndi mabungwe a zipembedzo amene amakhala ndi tindalama tochepa koma tosavuta kufikira. Werengani chiitano chimene opereka thandizo atulutsa mpaka kumapeto: ndani akuloledwa, ndalama zingati, tsiku lotseka ndi liti. Ngati simukukwanira, musadzivute.

Chachisanu, lembani. Nthawi zambiri amayamba apempha chidule cha masamba ochepa. Onetsani kuti mukachita chakuti, chisintha n'chakuti, chifukwa chakuti. Nenani malo a amayi ndi achinyamata pa kupanga ziganizo, osati pa kuphika ndi kuvina pokha. Chigamulo nambala 1325 cha Security Council, nthambi yoona za chitetezo ya United Nations, cha mu 2000 chimakamba za amayi pa nkhani za mtendere, ndipo cha nambala 2250 cha mu 2015 chimakamba za achinyamata. Oweruza pulopozo amazidziwa bwino. Fotokozaninso momwe mudzadziwire kuti zasintha. Kuchuluka kwa obwera ku msonkhano si umboni wokwanira. Werengani milandu imene yathera pa zokambirana, kapena funsani anthu mafunso omwewo poyamba ndi pomaliza, monga ngati angalole mwana wawo kucheza ndi a mbali inayo.

Chachisanu n'chimodzi ndi bajeti. Chilichonse chili m'bajeti chioneke m'ntchito, ndipo masamu agwirizane. Musadzaze maalawansi. Kumbukirani kuti walira mvula walira matope: ndalama zomwezi zikhoza kuyambitsa mkangano watsopano ngati galimoto yobwereka, holo ndi ntchito zonse zolipidwa zapita mbali imodzi. Gwirizanani za kagawidwe kake pamaso pa onse ndalama zisanabwere, ndipo mulembe m'pulopozo momwe mudzapewere kukolezera moto.

Tumizani kukadali masiku, chifukwa intaneti imavuta tsiku lomaliza. Wina akakuuzani kuti mulipire kaye kuti thandizo lituluke, ameneyo ndi wakuba. Akakukanani, pemphani chifukwa chake mwaulemu, mukonze, mudikire chiitano china. Akakupatsani, werengani mgwirizano musanasaine, sungani lisiti lililonse, tumizani malipoti pa nthawi yake, ndipo mukafuna kusintha kagwiritsidwe ka ndalama pemphani chilolezo cholembedwa. Lipoti la ndalama limene mukutumiza kwa opereka thandizo muziliwerenganso pa msonkhano wa mbali zonse ziwiri.