Kalembedwe ka mkangano wa ndalama m'sewero lachikondi la pa TV

Sewero lachikondi limazizira msanga ngati okondanawo akungouzana kuti ndimakukonda. Chimene chimagwira owonera kuno ku Harare ndi ndalama ndi abale. Mnyamata akhale wa ku Mbare, dera la anthu opeza movutikira, mdzukulu wa anthu ochokera ku Malawi, mtsikana wa ku Borrowdale, dera la anthu olemera. Kwawo kwa mnyamata adazolowera chikamwini, kwawo kwa mtsikana akufuna roora, malowolo a Chishona. Apa mkangano wabadwa kale.

Kunyada musakuike pakamwa pa munthu. Mtsikana atumize madola 200 pa EcoCash, njira yotumizira ndalama pa foni, mobisa kuti awonjezere pa malowolo, mnyamata awabweze usiku womwewo osanena kanthu. Kamera ikhale pa foni masekondi asanu, kenako pankhope ya mtsikana. Basi.

Tsamba limodzi la sewero limatenga pafupifupi mphindi imodzi, choncho zokambirana za ankhoswe zisapitirire masamba atatu. Olankhula asapose anayi, chifukwa akachuluka wowonera sadziwa amene wapsa mtima. Mkamwini asayankhe apongozi ake maso ndi maso, mawu ake adzere mwa amalume. "Inu" asasanduke "iwe" mpaka pamene ubale ukusweka, pakuti liwu limodzilo limapweteka kuposa khofi.

Alembi ambiri amalakwitsa pa bambo wolemera wa mtsikana pomupanga woipa mtima chabe. Mupatseni chifukwa chomveka: mwina ndalama zake zonse zidasanduka mapepala mu 2008 pamene ndalama ya Zimbabwe idatha mphamvu, ndiye akuopa kuti mwana wake adzagona ndi njala. Samalaninso mtundu wa ndalama. Ndalama ya Zimbabwe yotchedwa ZiG idayamba mu 2024, ndipo isatchulidwe m'nkhani yochitika chakacho chisanafike.