Momwe Mungapewere Kugunda Nthambo za Magetsi ndi Mlongoti wa Ngalawa

Ngozi yotere kawirikawiri imachitikira pagombe, pamene anthu akuimika mlongoti kapena akukankhira ngalawa kumadzi ili pangolo yake, maso onse ali pansi. Milongoti yambiri ya masiku ano ndi ya aluminiyamu, ndipo imamangidwa ndi zingwe zachitsulo, kotero magetsi amatsika nazo mpaka kufika m'manja mwa munthu amene wagwira.

Yambani ndi kuyeza kutalika kwa ngalawa yanu, kuchokera pamene pamalekeza madzi kukafika pansonga penipeni pa mlongoti, kuphatikizapo nyali ndi waya wa wailesi zimene zili pamwambapo. Nambalayo muilembe pafupi ndi chiwongolero.

Kenako, mlongoti udakali chigonere, yendani wapansi njira yonse imene ngalawa idutse, mukuyang'ana kumwamba. Nthambo siioneka bwino dzuwa likamathobwa m'maso kapena kumbuyo kwake kukakhala mitengo, choncho funani mapolo poyamba, chifukwa ndi amene angakuonetseni pamene nthambo yadutsa. Mukaiona, pitirirani mlongoti uli wogoneka ndipo mukauimikire kutsogolo.

Mukakhala pamadzi, onani mapu a amalinyero, amene amasonyeza mpata wa pansi pa nthambo zowoloka mtsinje kapena doko. Nambala imeneyi musaikhulupirire mopambanitsa, pakuti madzi amakwera mvula ikagwa yambiri, ndipo nthambo imalendewera kwambiri kukatentha. Komanso magetsi amphamvu amatha kudumpha n'kufika pa mlongoti ngakhale usanakhudze nthambo, ndiye siyani mpata wa mamita osachepera 3, ndipo pansi pa nthambo zikuluzikulu mpatawo ukhale wokulirapo.

Ikani munthu mmodzi kutsogolo kuti akhale maso anu, ndipo mugwirizane mawu ochenjezerana. Apa m'pamene mawu akale a amalinyero amathandiza. Munthu akayang'ana kutsogolo kwa ngalawa, mbali ya kumanzere imatchedwa port ndipo usiku imayaka nyali yofiira, pamene ya kumanja ndi starboard, ya nyali yobiriwira. Mayinawa sasintha ngakhale wolankhulayo atatembenuka, kusiyana ndi kungokuwa kuti "kumanzere". Kale mbali ya kumanzere inkatchedwa larboard, koma mu 1844 asilikali a pamadzi a ku Britain analeka mawuwa chifukwa pamphepo ankamveka ngati starboard.

Mlongoti ukagunda nthambo, aliyense akhale pamene ali, asagwire mlongoti, zingwe kapena chitsulo chilichonse, ndipo asadumphire m'madzi, popeza magetsi amafalikira m'madzi ozungulira ngalawayo. Imbirani foni kampani ya magetsi ndi opulumutsa anthu, ndipo amene ali pamtunda atalikire mamita osachepera 10. Nthambo ikakhala chete sizitanthauza kuti yazima, chifukwa makina ena amabwezeretsa okha magetsi pakapita kanthawi, choncho dikirani mpaka akatswiri atatsimikiza kuti azimitsa.