Kugula njere za khofi muli kunja: yambani mwaona tsiku lokazingira

Munthu ukafika kudziko la eni n'kulowa m'sitolo yaikulu kukafuna khofi, mutu umazungulira. Mapaketi ali mbwee pashelefu, ena akuda onyezimira, ena ojambulidwa mapiri ndi alimi akumwetulira, ndipo palibe lomwe likudzinyoza. Ambiri timangotola lotchipa, ena amatola lodula poganiza kuti mtengo ndiwo umboni wa ubwino. Konse kuwiri ndalama imatayika. Khofi ndi mbewu ngati mbewu ina iliyonse. Amathyoledwa, amaumitsidwa, amakazingidwa, ndipo kuyambira tsiku lomwe wachoka pamoto amayamba kusukuluka. Choncho musanayang'ane chithunzi, tembenuzani paketi muone kumbuyo.

Kumbuyoko mupeza limodzi mwa masiku awiri. Lina amalemba kuti "Best before", ndipo kawirikawiri limakhala patali, chaka chathunthu kapena kuposerapo. Tsiku limeneli limathandiza wogulitsa kuti katundu akhalitse pashelefu, koma inu silikukuuzani kuti njerezo zinakazingidwa liti. Lomwe mukufuna ndi lolembedwa kuti "Roasted on" kapena "Roast date". Wokazinga amene akudziwa kuti khofi wake ndi watsopano sabisa tsikuli, amalilemba poonekera. Mukalipeza, werengani masabata. Khofi amakoma kwambiri kuyambira sabata imodzi mpaka masabata 6 chikazingidwire. Akapitirira miyezi itatu amamwekabe, sadwalitsa, koma fungo lija mumalipirira limakhala litapita.

Wokazingidwa dzulo nayenso musamuthamangire. Njere zikangochoka pamoto zimakhala zodzadza ndi mpweya wa carbon dioxide, ndipo zimautulutsa pang'onopang'ono kwa masiku angapo. N'chifukwa chake mapaketi abwino amakhala ndi kabowo kakang'ono kozungulira, kotulutsa mpweya wam'kati koma kosalola wakunja kulowa. Anthu ena amaganiza kuti kabowoko anaikira kununkhizira, n'kumafinya mapaketi m'sitolo, koma ntchito yake n'kuteteza paketi kuti lisaphulike. Mukagula khofi wa masiku awiri kapena atatu, musiyeni apume kaye mpaka sabata ikwane.

Pali kayesedwe kosafuna chida chilichonse. Gayani pang'ono, ikani m'kapu, thirani timadzi totentha tongonyowetsa. Khofi watsopano amafufuma, kuchita thovu, fungo n'kudzadza khitchini yonse. Wokalamba amangoti zii, madzi n'kulowa ngati mwathira pamchenga. Ineyo ndinaphunzira mowawa. Ndinapeza thumba la kilogalamu imodzi atatsitsa mtengo ndi theka, ndinalinyamula ndikudzitama kuti ndachenjera. Kufika kunyumba, njere zinali zonyezimira mafuta, fungo ngati la katoni yonyowa, thovu nkomwe. Ndinamwa thumba lonselo chifukwa cha chisoni cha ndalama, miyezi iwiri yathunthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsopano nkhani ya kugaya, yomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono chifukwa ndi pomwe ambiri amaphonya. Njere yathunthu ili ngati nkhokwe yotseka, fungo lili m'kati. Mukaigaya mwatsegula zitseko zonse, mpweya umafika paliponse, ndipo ufawo umataya fungo lake labwino m'kanthawi kochepa. Khofi wogayagaya wa m'sitolo, ngakhale atakhala wa mtundu wapamwamba bwanji, wayamba kale ulendo wotsika. Gulani njere zathunthu, muzigaya zokwanira kapu yomwe mukufuna kumwa nthawi yomweyo.

Zogayira zilipo za mitundu iwiri. China chili ndi kampeni kozungulira ndi magetsi, chotchipa ndipo chimapezeka paliponse. Vuto lake n'lakuti chimadula mwachisawawa, zina n'kukhala fumbi, zina zibenthu zikuluzikulu. Madzi akafika, fumbilo limatulutsa kuwawa, zibenthuzo zimatulutsa kuwawasa, kapu imodzi n'kukhala ndi matenda awiri. Chinacho chili ndi mano awiri achitsulo kapena adothi lolimba omwe amaphwanya njere pakati pawo, pa Chingerezi amati burr grinder. Chimenechi chimatulutsa ufa wofanana, ndipo mumatha kusintha kuti ukhale wosalala kapena wokhakhala. Chamagetsi chake n'chodula, koma chopukusa ndi manja n'chofikirika, chimalowa m'chikwama mukamasamuka, komanso sichisamala kuti magetsi a dzikolo ndi a 110 kapena 230 volts. Ngati ndalama ikukwanira chinthu chimodzi chokha, gulani chigayo chapamanjachi, makina okongola opangira khofi adikire. Njere zapakatikati zogayidwa bwino zimaposa njere zodula zogayidwa mwezi watha.

Pa mitundu ya khofi sitichedwapo. Ikuluikulu ndi iwiri: Arabica ndi Robusta. Arabica, yemwe kwawo kwenikweni ndi ku Ethiopia, amalimidwa m'malo okwera ozizira, ndi wonunkhira ndiponso wodula. Robusta amapirira kutentha ndi matenda, ali ndi caffeine pafupifupi kuwirikiza kawiri, ndi wowawa komanso wotchipa. Dziko la Brazil ndilo limatsogola pa ulimi wa khofi padziko lonse, lotsatira ndi Vietnam, komwe amalima kwambiri Robusta. Mawu akuti "100% Arabica" asakutengeni mtima kwambiri, chifukwa Arabica woipa aliponso wambiri. Ndipo ngati mumakonda khofi wamphamvu wothira mkaka, wosakaniza ndi Robusta pang'ono angakukwanireni pa mtengo wotsika, palibe chamanyazi.

Paketi lonena zambiri ndilo loyenera kulikhulupirira. Likatchula dziko, dera, nthawi zina famu kapena kopaletivi, ndi momwe khofiyo anakonzedwera atathyoledwa, ndiye kuti wogulitsayo akudziwa komwe katundu wake wachokera. "Washed" ndi khofi wochotsedwa khungu n'kutsukidwa asanaumitsidwe, amamveka woyera m'kamwa. "Natural" ndi wouma ali m'chipatso chake, amamveka kukoma kwa zipatso. Zilembo monga AA ndi AB pa khofi wa ku Kenya, kapena Supremo ndi Excelso pa wa ku Colombia, zikunena za kukula kwa njere, osati kukoma kwake. AB wabwino amagonjetsa AA wosasamalidwa, ndipo ndi wotsikirako mtengo. Zizindikiro za Fairtrade ndi Rainforest Alliance zikunena za malipiro a alimi ndi kasamalidwe ka chilengedwe. N'zabwino ndithu, koma sizilonjeza kuti kapu yanu ikoma. Mawu akuti "specialty" ndiwo ali ndi muyeso: bungwe la Specialty Coffee Association linakhazikitsa kalawidwe kopereka mapointi mpaka 100, ndipo ambiri pa malonda a khofi amapereka dzinalo kwa khofi wofika 80 kapena kuposa.

Dziko lililonse lilinso ndi misampha yake, ndiye funsani eni nthaka. Ku Spain mukaona "torrefacto", dziwani kuti njerezo anazikazinga ndi shuga mpaka kuda bii, ndipo zimawawa ngati zopserera. "Mezcla" ndi zosakaniza ndi torrefacto yemweyo, pomwe "natural" kumeneko akutanthauza wokazingidwa popanda shuga, osati kaumitsidwe tanena kaja. Ku South Africa khofi wambiri wotchipa wam'zitini ndi wosakaniza ndi chicory, muzu wokazinga womwe si khofi n'komwe. M'masitolo a anthu a ku Turkey ndi maiko a Aluya khofi amagayidwa wosalala ngati ufa wa tirigu, nthawi zina atathira chokometsera chotchedwa cardamom. Ndi wabwino pa kaphikidwe kawo, koma mu French press, jagi yopangira khofi yokhala ndi sefa yokankhira pansi, adzadutsa sefa n'kukusiyirani matope.

Nanga mugule kuti? Malo oyamba kufufuza ndi okazinga khofi ang'onoang'ono a mumzinda momwe mukukhala. Pafupifupi mzinda waukulu uliwonse uli nawo masiku ano. Musachite mantha ndi mitengo ya pamwamba pa mndandanda wawo, funsani za khofi wawo wa tsiku ndi tsiku, wosakaniza, yemwe amagulitsa ku malo omwera khofi. Kawirikawiri amakhala ndi Brazil kapena Colombia m'kati, ndipo ndiye wotchipa pa onse, koma wakazingidwa sabata yomweyo. Auzeni chomwe mumapangira khofi kunyumba, akusankhirani. Ambiri amatumizanso pa positi mukaitanitsa pa intaneti, ndipo ena amatsitsa mtengo mukalembetsa kuti azikutumizirani mwezi ndi mwezi. Chenjerani ndi ndalama yotumizira, imatha kudya phindu lonse pa paketi limodzi laling'ono. Kuitanitsa kuchokera kudziko lina nakonso kumabwera ndi msonkho. Dziko la Germany, mwachitsanzo, lili ndi msonkho wakewake wa khofi, mayuro 2.19 pa kilogalamu ya wokazinga.

Supamaketi sindikuikana. Ngati ndi yokhayo muli nayo pafupi, sankhani njere zathunthu, paketi lokhala ndi kabowo kaja, ndipo pisani dzanja kumbuyo kwa shelefu komwe amaika katundu wofika kumene. Pewani njere zotungidwa m'zotengera zotsegula, zomwe sizidziwika kuti zakhalamo nthawi yaitali bwanji. Pewaninso zakuda kwambiri zotuluka mafuta. Kukazinga mopitirira kumabisa zilema za njere zosalongosoka, ndipo mafuta akatulukira kunja amavunda msanga.

Kutchipa kwenikweni kumaoneka mukawerengera pa kapu, osati pa paketi. Muyeso wabwino woyambira ndi magalamu 15 a khofi pa madzi okwana mamililita 250, kapena kuti magalamu 60 pa lita. Ndiye kuti paketi la magalamu 250 likupatsani makapu 16, kilogalamu ikupatsani makapu 66. Gawani mtengo ndi chiwerengero chimenecho, mufanizire ndi kapu imodzi yogula kumalo omwera khofi. Mudzaona kuti ngakhale njere zooneka zodula zija n'zotchipa kutalitali. Kasikelo kakang'ono ka kukhitchini kamathandiza pamenepa, chifukwa ndi sipuni ambiri timathira mopitirira osadziwa. Mitengo nayo sikhala malo amodzi. Kumayambiriro kwa 2025 mtengo wa Arabica pamsika wa ku New York unadutsa madola 4 pa paundi imodzi ya kulemera (pafupifupi theka la kilogalamu) koyamba m'mbiri, kutsatira chilala ku Brazil, ndipo zimenezi zinafika mpaka pashelefu. Mukaona paketi lomwe mtengo wake sunasinthe, yang'anani kulemera kwake, mwina achepetsa magalamu.

Thumba la kilogalamu limatsika mtengo kuposa mapaketi anayi ang'onoang'ono, koma ngati mumamwa kapu imodzi patsiku lidzakutherani miyezi iwiri, theka lomaliza litasukuluka. Apa pali njira ziwiri. Gwirizanani ndi anzanu a kuntchito kapena okhala nawo nyumba, mugule limodzi n'kugawana, paja mutu umodzi susenza denga. Kapena ligaweni m'timatumba totseka bwino ta sabata imodzi imodzi, muike mufiriza. Mukatulutsa kamodzi, kasiyeni kafunde musanatsegule kuti chinyezi chisagwere pa njere, ndipo musakabwezerenso. Firiji wamba ndiye ayi. Muli chinyezi, ndipo khofi amayamwa fungo la chilichonse chomwe wayandikana nacho. Zomwe mukugwiritsa ntchito sabata imeneyo zikhale m'chitini kapena m'botolo lotseka kwambiri, m'kabati, kutali ndi dzuwa komanso mbaula.

Nthawi zina mlandu sukhala wa njere. Kapu ya khofi pafupifupi yonse ndi madzi, ndipo m'mizinda ina, monga London, madzi a pampopi ali ndi laimu wambiri. Mukaona ketulo yanu ikuchita zoyera zolimba pansi, madziwo ndiwo akupha kukoma kwa khofi wanu. Jagi yosefera madzi imathandiza. Madzi akawira, dikirani theka la mphindi musanathire, afike pakati pa madigiri 90 ndi 96. Khofi akamawawasa, gayani mosalalako. Akamawawa ndi kuumitsa kukhosi, gayani mokhakhalako. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, apo ayi simudzadziwa chomwe chathandiza.

Kwa amene muli ndi mtima wodekha, pali njira yotchipa kuposa zonsezi. M'mizinda yambiri ya ku Ulaya ndi ku America muli timasitolo ta anthu a ku Ethiopia ndi Eritrea, ndipo popeza iwo amakazinga okha khofi kunyumba, amagulitsa njere zaziwisi. Zaziwisi zimasungika miyezi yambiri pamalo ouma osasukuluka. Kumbukirani kuti zikakazingidwa zimapepuka, pa kilogalamu mutsala ndi magalamu 800 mpaka 850. Ikani zodzadza manja awiri m'chiwaya cholemera, moto wapakati, muzitakasa osaleka ndi mthiko. Zisintha kuchoka kobiriwira kupita kwachikasu, kenako kofiirira, ndipo pakatha mphindi 8 mpaka 12 mudzamva zikuthetheka ngati timitengo touma tikuthyoka. Pamenepo khofi wapsa mopepuka. Pitirizani mphindi imodzi kapena ziwiri ngati mumafuna woderako, kenako khuthulirani m'sefa yachitsulo, muzipeta kuti zizizire msanga ndi kuti mankhusu auluke. Ulendo woyamba zina zidzapserera, zina zidzatsala zotuwa, choncho yambani ndi zochepa. Ndipo musanayatse moto tsegulani mawindo onse, chifukwa utsi wake ndi wambiri ndithu, ndipo nyumba zambiri zalendi kunjaku zili ndi kachipangizo kolira kakanunkhiza utsi, komwe kadzadzutsa anansi onse a m'chinyumbamo.