Mmene mungaikire masilaidi a Google Slides patsamba la kalasi yanu

Aphunzitsi anzanga amene mumaponya PowerPoint pagulupu ya WhatsApp mukuidziwa nkhani iyi. Mwatumiza Lolemba, Lachitatu mwapeza kuti pa silaidi 7 munasokoneza mayina a mitsempha ya mtima, mwakonza mwatumizanso, ndiye ana ena ali ndi yakale ena yatsopano, ena ali nazo zonse ziwiri koma sakudziwa yoti awerenge ndi iti. Ine zinandizunguza teremu yathunthu ndi ana anga a Biology a Fomu 3 mpaka ndinaphunzira kupanga embed. Kumeneko ndi kutenga masilaidi n'kuwakhazika mkati mwa tsamba la pa intaneti, mwana akatsegula amangowapeza pompo n'kumadina kupita kutsogolo kapena kubwerera, osatsitsa fayilo. Mukakonza kanthu kwanuko, patsamba paja pamasinthanso pokha, ndipo chimene ndimaikondera kwambiri ndi chimenechi.

Gwiritsani laputopu, chifukwa pa app ya Google Slides ya pafoni batani lopangira embed mulibe. Ngati munawapanga mu PowerPoint akwezeni kaye pa Google Drive n'kuwasunga ngati Google Slides. Kenako dinani File, mupite pa Share, musankhe Publish to web. Pabwera mbali ziwiri, Link ndi Embed, inu dinani Embed. Pa kukula kwake medium imakwana bwinobwino. Pali kabokosi kolemba kuti Start slideshow as soon as the player loads, chonde kasiyeni kosachonga, apo bii masilaidi azithamanga okha masekondi 3 aliwonse mwana asanamalize n'komwe mzere woyamba. Mukadina Publish akupatsani code yayitali yoyamba ndi mawu oti iframe, koperani yonse osasiyako kachidutswa.

Tsopano kokaika. Amene sukulu kapena koleji yanu ili ndi Moodle, yatsani edit mode, onjezerani Page, mu editor mufufuze pamene palembedwa source code kapena HTML, mupange paste code ija mmenemo n'kudina Save. Ambiri amalakwitsa pomwepa, amaiponya pamalo olembapo wamba ndiye ana amangoona zilembo zambirimbiri zopanda mutu. Pa Google Sites n'zophweka, pa Insert pali Slides kale, mungosankha fayilo yanu, bola muisinthe pa Share ikhale ya Anyone with the link, kupanda kutero ana azingofunsidwa chilolezo. Google Classroom ndi WhatsApp sizilandira code imeneyi, kumeneko ikani linki ya tsamba lanulo basi.

Koma tiyeni tikumbukire kuti mwana wathu akutsegulira pati. Ambiri ndi pafoni ya mayi awo madzulo, bandulo yake yongokwana tsiku limodzi, netiweki ikubwera ikupita. Ndiye zithunzi zichepetseni musanaziike, vidiyo ikani pokhapokha ngati palibe njira ina yofotokozera, zilembo zikhale zazikulu ndipo silaidi imodzi izinena chinthu chimodzi. Ine sindipyola masilaidi 12 paphunziro limodzi ndipo pakati ndimaikapo funso loti ayankhe m'kope mwawo asanapitirire, chifukwa kungodinadina si kuphunzira ayi, ena amafika kumapeto m'mphindi imodzi n'kumati ndawerenga sala.

Musaiwalenso kuti chinthu chikakhala published aliyense amene ali ndi linki atha kuchiona, ndiye malikisi, mayina kapena zithunzi za ana musaikemo ngakhale pang'ono.

Mukamaliza bwerekani foni ya mnzanu mu staff room muyese kutsegula, osati yanu, yanuyo imatsegula chilichonse poti akaunti ndi yanu yomwe. Ndipo usiku woti mawa mukaphunzitsa pitani pa File, Download, mutsitse PDF yake muisunge pa laputopu ndi pa fulashi, kuti intaneti ikakana muli kutsogolo kwa ana 80 mungotsegula imeneyo n'kupitiriza.