Nyimbo za pa ulendo ndi anzathu a m'basi: malangizo kwa ife tili kunja

Aliyense amene anakwerapo basi ku Park Station ku Johannesburg kulowera kumudzi amadziwa mmene ubwenzi wa pa msewu umayambira. Munthu mwakhala naye mpando umodzi simukumudziwa, koma pofika pa Beitbridge mwabwerekana kale chaja, wakusungirani malo pamzere wodinditsa pasipoti, wakuuzaninso za mwana wake amene anamusiya akukwawa. Mudutsira limodzi Harare, Nyamapanda, mlatho wa Zambezi ku Tete. Mukaoloka pa Mwanza kapena pa Dedza, aliyense njira yake, mwina osadzaonananso.

Nyimbo yabwino ya pa ulendo imasunga nthawi imeneyi. Mukaimvetsera bwino, ng'oma yake imayenda mosasinthasintha ngati matayala pa tala. Mavesi amatchula malo amodziamodzi, koma kolasi imabwereza mawu omwewo ngakhale msewu wasintha. Woimba amalankhula ndi munthu amene anatsika kale, ndipo kawirikawiri sanena ngati anadzakumananso. Mpata umenewo timaudzaza tokha ndi nkhope za anthu athu. N'chifukwa chake nyimbo yotere imakhudza mtima ngakhale ili m'chinenero chimene sitichimva bwino.

Musananyamuke, dawunilodani nyimbo zanu muli pa Wi-Fi, chifukwa mukaoloka malire data imadula ndipo netiweki imasowa m'malo ambiri. Tengani power bank ndi mahedifoni. Nyimbo yokutonthozani inu ndi phokoso kwa mayi amene akugoneka mwana pakati pa usiku.

Koma kukoma kwa macheza kusakugonekeni tulo. Pasipoti ndi ndalama zikhale pathupi panu. Chachikulu, musavomere kuwolotsa chikwama cha munthu amene mwangodziwana naye dzulo, ngakhale mwaimbira limodzi njira yonse. Mukapezeka choletsedwa m'menemo, woyankha mlandu ndinu. Nambala ya foni mukhoza kupatsana, ndipo akapanda kuyankha musadandaule. Sikuti macheza aja anali abodza.

Ine ndimaona kuti povuta penipeni ndi pamene mwabwerera ku ntchito. Nyimbo ija mumaibwereza usiku muli nokha m'chipinda cha lendi, kupukwa n'kukula mpaka tulo kusowa. Musaifufute, koma musamaimvere nokha nthawi zonse. Itumizeni kwa m'bale wanu pa WhatsApp, kenako mumuimbire mumve mawu ake. Isakanizeni ndi nyimbo za dziko limene mukukhalalo, kuti nakonso kukhale ndi zokumbukira zake.

Mukaona kuti masabata akutha simukudya bwino, simukugona, ntchito ikukukanikani, nkhaniyo yapitirira pa nyimbo. Uzani munthu amene mumamukhulupirira, mtsogoleri wa mpingo kapena mzikiti, kapena pitani kuchipatala. Amene muli ku South Africa, bungwe la SADAG, lothandiza anthu ovutika maganizo, lili ndi manambala aulere amene mungaimbe kuti mulankhule ndi mlangizi.