Gulu la WhatsApp si buku la ndalama za kopaletivu

Nyengo ino yosonkha ndalama za mbewu ndi feteleza, yomwenso magulu akuwerengetsa zodzagawana mu Disembala, yaulula vuto limodzi lomwe lafika paliponse, kuyambira m'makopaletivu a alimi a ku Lusaka West, Chilanga ndi Chongwe mpaka m'magulu a village banking (osunga ndi kubwereketsana ndalama) a ku Matero, Chawama ndi Mtendere. Magulu ambiri anasiya kulemba m'buku. Membala atumiza ndalama ku nambala ya msungichuma, ajambula uthenga wotsimikiza uja, aponya chithunzicho pa gulu la WhatsApp, msungichuma ayankha ndi kachala koloza m'mwamba, basi yatha. Mukafunsa buku akupatsani lachikuto cholimba lija, tsamba lomaliza linalembedwa mu Malichi, n'kukuuzani kuti zotsalazo zili pa gulu.

Pa gulupo palibe akaunti. Pali zithunzi zambirimbiri zosakanikirana ndi mauthenga a maliro, mavesi a m'mawa ndi mitengo ya tomato ya ku Soweto Market, ndipo palibe amene angaziwonkhetse.

Tiyambe ndi chithunzicho. Chithunzi cha uthenga si lisiti. Mwana wa giredi 9 wodziwa foni atha kusintha K50 kukhala K500 asanamalize kapu ya tiyi, ndipo chithunzi cha mwezi watha chikaponyedwanso mwezi uno ndi ochepa amene amawerenga deti. Umboni weniweni ndi nambala ya transaction, yaitali ija ili mu uthengamo, ikapezekanso pa sitetimenti ya amene walandira. Ndi magulu angati amene anapemphako sitetimenti chaka chino? Komanso zithunzi zimadzaza foni. Foni ikayamba kudandaula kuti malo atha, choyamba kufufutidwa ndi zithunzi za WhatsApp, ndipo wofufutayo sadziwa n'komwe kuti wataya malisiti a miyezi inayi.

WhatsApp yeniyeniyo inapangidwira kucheza, ndipo pa ntchito imeneyo ilibe vuto. Wolemba uthenga ali ndi mphindi 15 zousinthira. Ali ndi masiku pafupifupi awiri oufufutira kwa aliyense. Adimini atha kufufuta uthenga wa membala wina aliyense. Wina akatsegula mauthenga odzifufuta okha, zonse zatsopano zimasowa pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90, ndipo nthawi zambiri wotsegulayo anangodina osadziwa chomwe wadina. Pamalo pa uthenga wofufutidwa pamatsala chizindikiro chakuti panali uthenga, koma zomwe unkanena simudzaziwonanso. Ndiyenso anthu amaganiza kuti kampani imawasungira zonse kwinakwake. Ayi. Mauthenga akafika amakhala m'mafoni mwanu, ndipo ngati backup ya ku Google Drive inali yotseka pofuna kusunga bandulo, foni ikapita zapita.

Mayi wina wolima repu ndi tomato chakumbali ya Chongwe anafotokoza pa msonkhano wa alimi zomwe zinagwera gulu lawo. Msungichuma wawo, munthu wamkulu woti sanabepo ngakhale ngwee, anaberedwa foni pokwera minibasi m'tauni. Nambala anaibwezeretsa, ndalama zotsala anazipeza, koma mauthenga onse anapita. Gulu linagwirizana kuti aliyense abweretse zithunzi zake. Mayiwo anali atasintha foni mu Ogasiti, yakale anapatsa mdzukulu, mdzukulu anafufuta zonse kuti aike nyimbo. Anati, "Ine ndinapereka, ndipo amayi msungichuma akudziwa kuti ndinapereka, koma akuti sakukumbukira ngati inali kawiri kapena katatu. Tsopano tikakumana ku chigayo timangopatsana moni wa patali." Anagula thumba limodzi la feteleza wa D Compound m'malo mwa awiri. Palibe anaba pamenepa, koma munda wachepa ndipo chibale chazirala.

Vuto lalikulu kuposa zithunzi ndi nambala ija. Ndalama za gulu zikulowa mu Airtel Money kapena MTN MoMo ya munthu mmodzi, SIM yolembetsedwa pa NRC (chitupa cha unzika) yake. Kwa kampani ya foni ndalamazo ndi zake, gulu silidziwika. Tiyerekeze alimi 30, aliyense akusunga K400 yodzapereka ku FISP, pulogalamu ya boma yothandiza alimi ndi mbewu ndi feteleza. Ndi K12,000 imeneyo, itakhala malo amodzi ndi ndalama ya mayunitsi a magetsi a ZESCO, ya ndiwo ndi ya yunifolomu ya ana. Msungichuma akagula mayunitsi a K100, watenga zake kapena za gulu? Iye mwini sadziwa. Ngati ali ndi ngongole ya pafoni yomwe nthawi yobweza inadutsa, imadulidwa pa ndalama zomwe zalowa, makina safunsa kuti izi ndi za feteleza wa anthu. Ngati pakhomo pali mnyamata wa kubetcha mpira amene anaonera PIN, musandifunse. Msungichuma akamwalira, ndalamazo zimalowa m'chuma cha masiye, ndipo gulu liyenera kudikira woyang'anira chumacho kuti akhulupirire mawu anu opanda pepala. Onjezerani kuti akaunti ya pafoni ili ndi malire a ndalama zomwe ingasunge, kuti kutapa pa booth kuli ndi mtengo wake, ndi kuti kuyambira Januwale 2024 boma limadula msonkho (levy) pa ndalama zotumizirana munthu ndi munthu. Timadulidwe timeneti palibe amatilemba. Pofika Disembala tasonkhana kukhala kusiyana kwa ndalama komwe msungichuma sangafotokoze, ndipo apo ndi pamene dzina lakuti wakuba limayambira.

Ku village banking kumapweteka kwambiri chifukwa chiwongoladzanja chimayendera deti. Ngongole ya K2,000 pa 10 peresenti pamwezi, ngati ndi mmene malamulo a gulu lanu alili, ndi K200 mwezi uliwonse. Mukangokangana ngati inatengedwa mu Julaye kapena mu Seputembala, mwasiyana K400. Magulu amenewa Bank of Zambia sawayang'anira ngati mmene imayang'anirira mabanki, choncho kulibe ofesi yomwe mungathamangireko kuti ikuwerengereni. Lamulo la Electronic Communications and Transactions la 2021 limalola uthenga wa pafoni kukhala umboni, inde, koma khoti limayang'ananso ngati unasungidwa mosasinthika, ndipo mulu wa zithunzi zotumizirana suyenda patali pa funso limenelo.

Chimene chimatopetsa n'chakuti nzeru yake tinali nayo kale. Njira ya bokosi lamaloko atatu, yomwe bungwe la CARE linayambitsa ku Niger mu 1991 n'kufalikira mpaka kuno, inali yomveka: wosunga bokosi alibe kiyi, makiyi atatu ali ndi anthu atatu osiyana, bokosi limatsegulidwa pamaso pa onse, owerenga ndalama ndi awiri, ndipo mlembi amanena mokweza zomwe walemba. Titasamukira pa foni tinataya zonsezo tsiku limodzi. Wosunga bokosi, osunga makiyi, owerenga ndi mlembi tsopano ndi munthu mmodzi wokhala ndi PIN imodzi ya manambala ochepa. Ukanena zimenezi pa msonkhano yankho lake ndi lomwelija: "Aa, bambo mlangizi, awa ndi amayi a chigwirizano, tingawafunse lisiti ngati akuba?" Manyazi amenewa atidyera ndalama zambiri kuposa akuba enieni. Kuwerengetsa kumateteza msungichuma woona mtima poyamba, chifukwa ndiye amene alibe podzitetezera zinthu zikasokonekera. Ndipo zoti "takhala tikuchita chonchi zaka zonsezi" si zoona. Zaka zonsezo munali ndi buku.

Mabanki sanataye maloko awo atalowa pa intaneti. Mu banki, wolowetsa malipiro mu kompyuta si amene amawavomereza, wina alowetse wina avomereze, ndipo makina amalemba dzina ndi nthawi ya aliyense. Kampani yokhala ndi akaunti ya pa intaneti imachita chimodzimodzi, osaina awiri atha kukhala wina ku Cairo Road wina ku Kitwe koma ndalama sizituluka mpaka onse adine. National Financial Switch, yomwe imayendetsedwa ndi ZECHL, kampani yoyendetsa malipiro pakati pa mabanki, ndiyo imalumikiza mabanki ndi makampani a ndalama za pafoni kuti azitumizirana, ndipo malipiro aliwonse amasiya nambala yake. Boma nalo likulowera komweko. Pali lamulo la Electronic Government la 2021, pali SMART Zambia Institute yoyang'anira ntchito za boma za pa kompyuta, pali ZamPortal yolipirirapo ntchito za boma, bungwe la misonkho la ZRA lili ndi Smart Invoice yomwe imatumiza malisiti a malonda ku ofesi ya msonkho, ndipo dzina lanu la FISP lili mu ZIAMIS, kaundula wa alimi wa pa kompyuta, momwe ofesala wa kampu, ofesi ya boma ndi wogulitsa zipangizo amaona mlimi mmodzimodzi yemweyo. Ku Estonia anafika poti nzika imatha kuona ofesi imene yatsegula mbiri yake. Chomwe chikusintha maboma, makampani ndi mabanki si kuchuluka kwa mauthenga ayi. N'chakuti anthu ambiri akuyang'ana kaundula mmodzi nthawi imodzi, aliyense ali ndi malire a zomwe angakhudze, ndipo chala chilichonse chimasiya chidindo.

Zimenezi zikukukhudzani chifukwa maofesi amenewa akamazolowera zolembedwa zotere amayamba kuzifunanso kwa inu. CDF, ndalama ya boma ya chitukuko cha m'makonsitichuwensi, inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwensi iliyonse mu 2022, ndipo mbali ina ndi ya magulu ndi makopaletivu. Gulu lopempha thandizo limeneli kapena ngongole ya ku banki limafunsidwa satifiketi ndi akaunti ya gulu, ndipo wobwereketsa aliyense amafuna kuona mmene ndalama zakhala zikuyendera. Gulu lomwe lasunga mokhulupirika zaka zitatu kudzera m'nambala ya munthu, pa pepala limaoneka ngati silinagwirepo ndalama. Mbiri yonse yabwino ija inapita pa dzina la msungichuma.

Magulu ena, makamaka omwe ali ndi achinyamata, anamva zimenezi n'kutsegula Google Sheets, failo ya pa intaneti yolembamo ndi kuwonkhetsa manambala. Ndi bwino, koma ambiri akulakwitsa mofanana. Failo ili pa imelo ya mwana wa wapampando yemwe ali ku koleji, linki yaponyedwa pa gulu itatsegulidwa kuti aliyense wokhala nayo asinthe. Kumeneko n'kusiya buku la ndalama pa benchi ya pa siteshoni ya basi, cholembera chili pambali. Munthu amene walowa ndi linki yotere osalowa ndi imelo yake, mbiri ya zosintha simutchula dzina, ndiye mudzaona kuti nambala inasinthidwa koma osadziwa ndani. Ena amangotsetsereka chala pofuna kuona dzina lawo n'kufufuta fomula yowonkhetsa. Ndiye pali oponya zithunzi za NRC za mamembala pa gulu ndi m'failo yotseguka. Lamulo la Data Protection la 2021 lilipo, ndipo ngakhale pakanapanda lamulo, NRC ndi nambala ya foni ndi zomwe akathyali amafuna akafuna kudziyesa inu.

Zochita zake si zambiri. Ngati ndinu kopaletivu yolembetsedwa, tengani satifiketi, malamulo a gulu, maminitsi osankha osaina, TPIN (nambala ya msonkho) ndi ma NRC a osainawo, mukatsegule akaunti ya gulu ku banki, osaina atatu, awiri aliwonse avomereze ndalama zisanatuluke, ndipo uthenga wa banki uzipita ku mafoni oposa imodzi. Gulu losalembetsa liyambe ndi SIM yosiyana yomwe ntchito yake ndi ya gulu basi, foni ikhale ndi wina, PIN ndi wina, ndalama zituluke pa msonkhano pokha, uku mukulembetsa, chifukwa SIM imeneyo idakali pa NRC ya munthu. Failo itsegulidwe pa imelo ya gulu. Mizere yake: deti, dzina, ntchito ya ndalamayo kaya ndi masheya, kubweza ngongole, chindapusa kapena thumba la mavuto, kuchuluka kwake, nambala ya transaction, ndalama yodulidwa, ndi dzina la wolowetsa. Editor, ndiye kuti ololedwa kusintha failo, akhale awiri okha, mlembi ndi msungichuma, aliyense pa imelo yake, ena onse Viewer, ongoona chabe. Tsekani mizere ya mafomula. Mukalakwitsa musafufute, lembani mzere wina wokonza. Pakutha pa mwezi munthu wachitatu, woti sagwira ndalama, ayerekeze failo ndi sitetimenti mzere ndi mzere, aonenso version history (mbiri ya zosintha) pa kompyuta pamodzi ndi mmodzi wa ma Editor, chifukwa Viewer sangaitsegule. Sindikizani tsamba la mweziwo, awiri asaine, limatidwe m'buku lija, chifukwa magetsi akazima ndipo mafoni atha moto pepala limawerengekabe. WhatsApp itsalire zolengeza ndi kukumbutsana, mauthenga odzifufuta akhale otseka, ndipo adimini aliyense aike PIN ya manambala 6 ya two-step verification yotetezera akaunti yake ya WhatsApp. Za miyezi yomwe yadutsa kale, pemphani sitetimenti ya nambala ya msungichuma ku ofesi ya kampani ya foni sabata ino, musadikire tsiku logawana. Mukasankha komiti yatsopano, tsiku lomwelo sinthani pasiwedi ya imelo, chotsani akale pa Editor, ndipo kalata yosintha osaina ipite ku banki.