Momwe mungasankhire chithunzi choika mu felemu limodzi ndi siginecha yakale ya katswiri wa baseball

Khadi lake ndi laling'ono, mainchesi 3 uku ndi 5 uku, lokwana m'thumba la malaya. Pakati pake pali dzina limodzi lolembedwa ndi inki yabuluu yomwe yayamba kufwifwa: Jackie Robinson. Palibe deti, palibe uthenga. Kuno ku America makhadi otere ngambiri m'madirowa a anthu achikulire, chifukwa kale ana ankatumiza makhadi opanda kanthu kwa osewera baseball kudzera pa positi, osewerawo n'kusaina n'kubweza. Mukalipachika lokha pakhoma, mlendo aziliona ngati lisiti lakale la kugolosale. Limafuna chithunzi pambali pake.

Ndagwirapo ntchito mu shopu yopanga mafelemu kuno, ndipo chimene ndinkaona kawirikawiri n'chakuti anthu amayamba ndi chithunzi chomwe chawakongolera, siginecha n'kumaisakira malo pambuyo. Pamenepo ndiye polakwika. Mkwati ndi siginecha, chithunzi ndi mperekezi chabe. Ndigwiritsa ntchito khadi la Robinson ngati chitsanzo, koma njira yake ndi yomweyo kwa wosewera aliyense wakale.

Yambani ndi siginechayo

Musanaononge ndalama pa chithunzi ndi galasi, tsimikizani kuti dzanja lomwe linalemba ndi la mwini dzina. Malonda amenewa ali ndi akamberembere ambiri moti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 a FBI anachita kufufuza kwapadera komwe anakutcha Operation Bullpen, n'kugwira gulu lomwe linkapeka masiginecha a akatswiri. Zina mutha kuziona nokha. Cholembera cha Sharpie chinatuluka mu 1964, pamene Babe Ruth anamwalira mu 1948 ndipo Lou Gehrig mu 1941. Wina akakuonetsani dzina la mmodzi wa awiriwa lolembedwa ndi Sharpie, ingomupatsani moni muzipita. Pa zovuta kuziona ndi maso, pali makampani ounika masiginecha monga PSA, JSA ndi Beckett. Ngati khadi lanu analimata kale m'kabokosi kapulasitiki ka kampani yotere, musakaswe. Felemu ingathe kupangidwa yakuya kuti kabokosiko kalowe momwe kalili.

Kenako liyang'anitsitseni khadilo mbali zonse ziwiri, mulembe papepala zimene likukuuzani. Kodi ndi khadi wamba, cheke, kalata, kapena kachidutswa kodulidwa m'buku? Ngati ndi positikhadi, kumbuyo kumakhala chidindo cha ku positi chokhala ndi deti ndi mzinda. Cheke ndi kalata zimakhala ndi deti lake. Deti limenelo ndi lomwe likusankhireni chithunzi.

Chithunzi chigwirizane ndi nthawi ya siginecha

Apa ndi pomwe pagona nkhani, ndipo ndichedwapo pang'ono.

Robinson anasewera mu timu ya Kansas City Monarchs mu 1945, nthawi yomwe anthu akuda ankasewera m'maligi awoawo. Mu 1946 anali ku Montreal Royals. Pa 15 April 1947 analowa m'bwalo la Ebbets Field atavala yunifolomu ya Brooklyn Dodgers, n'kuthyola mpanda wa tsankho womwe unatsekereza anthu akuda mu ligi yaikulu kwa zaka zambirimbiri. Anasewera mpaka 1956. Timu ya Dodgers inasamukira ku Los Angeles mu 1958 iye atapuma kale, ndiye chipewa chake cha Dodgers pachithunzi chiyenera kukhala ndi chilembo B. Mukaona chithunzi cha Robinson ali pamasewero ndi chipewa cha LA, wina wachiseweretsa pa kompyuta.

Tiyerekeze kuti chidindo cha positi pakhadi lanu chikuti 1949, chaka chomwe anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu National League, limodzi mwa magawo awiri a ligi yaikulu. Sakani chithunzi cha zaka zimenezo, nkhope idakali ya mnyamata. Koma ngati muli ndi kalata yomwe anasaina cha m'ma 1960, akukamba za ufulu wa anthu akuda, ine ndingaike chithunzi chake atavala suti, imvi zitamera, monga ankaonekera pa nthawi ya ulendo waukulu wa ku Washington mu 1963 womwe iye anapitako. Kalata ya bambo wachikulire pansi pa chithunzi cha mnyamata akuthamanga imakhala ngati mwasoka chigamba cha nsalu ina.

Osewera ena ali ndi misampha yawo. Willie Mays anayamba ndi chipewa cha NY, timu ya Giants isanasamukire ku San Francisco mu 1958. Hank Aaron anasewera ku Milwaukee Braves kuyambira 1954, timu n'kusamukira ku Atlanta mu 1966, ndipo chaka chake choyamba ankavala nambala 5, osati 44 yomwe aliyense amamudziwa nayo. Mickey Mantle anayamba ndi 6 mu 1951 asanapatsidwe 7. A Yankees anayamba kuvala manambala kumsana mu 1929, choncho chithunzi cha Ruth chooneka nambala 3 sichingakhale cha 1927, chaka chomwe anamenya ma home run 60 (kumenya mpira mpaka kudumpha mpanda wa bwalo), ngakhale wogulitsa atalumbira bwanji.

Ngati siginecha ilibe deti, muli ndi ufulu. Sankhani timu yomwe wosewerayo amakumbukiridwa nayo. Ruth anamalizira ku Boston Braves mu 1935, koma ndani amamuganizira atavala yunifolomu imeneyo?

Nkhope kapena zochitika m'bwalo

Anthu ambiri amathamangira chithunzi chotchuka kwambiri. Kwa Robinson, ndi chija cha masewero oyamba a World Series (mpikisano womaliza wa chaka) ya 1955, akutsetsereka pansi kuba home plate, malo omwe wothamanga amayenera kufikapo kuti timu ipeze pointi, Yogi Berra wa Yankees atanyonyomala kumudikira ndi mpira. Woimbira anati Robinson wapulumuka, ndipo Berra anakana chigamulo chimenecho mpaka ukalamba wake. Chithunzicho n'chokoma, sindikana. Vuto lake n'lakuti muli akatswiri awiri koma siginecha ndi imodzi, ndipo nkhope ya Robinson siioneka bwino m'fumbimo. Diso la woona limayamba lasokonezeka.

Palinso zithunzi zomwe munthu watembenukira kumbali. Cha Mays akuwakha mpira chothamanga ku Polo Grounds mu World Series ya 1954 chimaonetsa msana ndi nambala 24. Chomwe Nat Fein anajambula Ruth pa 13 June 1948 ku Yankee Stadium, atayedzamira ndodo yomenyera mpira, miyezi iwiri asanamwalire, nachonso ndi cha kumsana, ndipo chinapata mphoto ya Pulitzer. M'nyumba ya munthu wobadwira mu baseball zithunzi zotere zimalankhula zokha. Koma ganizirani amene amalowa m'nyumba mwanu. Ngati alendo anu ndi anzathu ochokera kumudzi omwe mtima wawo uli pa Bullets ndi Wanderers, msana wa munthu wosamudziwa suwauza kanthu. Apatseni nkhope.

Ine ndimakonda chithunzi cha munthu mmodzi, kuyambira m'chiuno kupita kumutu, dzina la timu likuwerengeka pachifuwa, maso akuoneka. Siginecha ndi chinthu chomwe munthu anachita ndi dzanja lake atakhala phee, ndiye imayenderana ndi chithunzi chodekha.

Musanalipire, onetsetsani kuti chithunzi sichinatembenuzidwe pochitsuka. Zimachitika ngakhale kwa akuluakulu: khadi la 1957 la kampani ya Topps, yosindikiza makhadi a osewera, limaonetsa Aaron akumenya mpira ngati wamanzere pomwe iye anali wamanja. Werengani zilembo za pamalaya ndi zikwangwani za kumbuyo. Robinson ankamenyera kumanja, Ruth kumanzere. Pewaninso zithunzi zomwe zili kale ndi siginecha yosindikiza pamakina, chifukwa mlendo sadziwa kuti yeniyeni ndi iti.

Chakale chenicheni kapena chotsukidwa lero

Ogulitsa amagawa zithunzi zakale m'magulu anayi. Type I ndi chomwe chinatsukidwa kuchokera ku negativu yeniyeni pasanathe pafupifupi zaka ziwiri chijambulireni. Type II ndi cha negativu yomweyo koma chotsukidwa patapita nthawi. Type III ndi Type IV n'zochokera ku negativu yokopera, china cha nthawi yomweyo, china cha pambuyo. Zambiri zakalezi zinachokera m'nkhokwe za nyuzipepala, ndipo mukazitembenuza mumapeza chidindo cha kampani ya nkhani, deti, ndi kapepala kotaipa komatidwa kofotokoza chithunzicho.

Maganizo anga ndi awa: m'felemu ikani chotsukidwa lero. Type I ya wojambula wotchuka ngati Charles Conlon, yemwe anajambula Ty Cobb akutsetsereka pa third base, malo achitatu omwe wothamanga amapondapo, fumbi lili koboo, ingadule kuposa siginecha yanu, ndipo mukaipachika ndiye kuti zinthu ziwiri zamtengo zikudyedwa ndi kuwala nthawi imodzi. Komanso kumbuyo kwake, komwe kuli umboni wonse, kumabisika. Chotsukidwa lero chikafwifwa mumangosintha.

Kwa osewera a zaka za m'ma 1910 ndi 1920, Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, ili ndi zithunzi za George Grantham Bain zomwe mungazitsitse pa intaneti zili zazikulu bwino. Za zaka za Robinson zambiri zili m'manja mwa makampani monga AP ndi Getty Images, ndiye gulani kwa wogulitsa wololedwa. Musatole kachithunzi pa Facebook n'kukakuza. Kuti chithunzi cha mainchesi 8 ndi 10 chituluke chakuthwa, chimafuna mapikiselo pafupifupi 2400 ndi 3000. Chochepera apo nkhope imatuluka ngati phala.

Pa mtundu, tsatirani pepala la siginecha. Khadi lomwe lasanduka lachikasu ndi ukalamba limaoneka lakuda mukaligundanitsa ndi chithunzi choyera mbee chonyezimira. Uzani otsuka kuti akupatseni pepala losanyezimira, lakuda ndi loyera koma lopendekera pang'ono ku bulauni. Zithunzi zakale zopakidwa mitundu ndi kompyuta zisiyeni, zimakuwa kuposa inki yofwifwa.

Yalani patebulo musanadule kanthu

Khadi la mainchesi 3 ndi 5 limakhala bwino pansi pa chithunzi cha 8 ndi 10 choimirira. Ngati muli ndi kachidutswa kakang'ono kokhala ndi dzina lokha, tsikirani pa chithunzi cha 5 ndi 7, apo ayi siginecha imira. Kalata yathunthu imafuna kukhala pambali pa chithunzi, osati pansi, ndipo zikatero wosewerayo aziyang'ana kumene kuli kalatayo, osati kunja kwa felemu.

Dulani mapepala wamba pa misinkhu imeneyi, muwayale patebulo, mubwerere m'mbuyo masitepe atatu. Diso lanu likafika pachithunzi n'kutsikira lokha pa siginecha, mwapeza. Katoni yodulidwa mawindo yomwe imazungulira zonsezi, imene m'mashopu amaitcha mat, ikhale ya mtundu wa kirimu. Mukafuna mtundu wa timu, kamzere kopyapyala kabuluu wa Dodgers m'mphepete mwa windo n'kokwanira. Kachitsulo kolembapo dzina, ngati mukukafuna, kangonena dzina, timu ndi zaka: Jackie Robinson, Brooklyn Dodgers, 1947 mpaka 1956.

Potseka felemu

Tsiku lina kunabwera bambo wina ndi felemu yomwe anapangitsa kwina zaka zapitazo, akufuna tingomusinthira chithunzi. Titatsegula kumbuyo tinapeza khadi lake linamatidwa ndi selotepi m'makona onse anayi. Guluu wa selotepiyo anali atalowerera m'pepala n'kutulukira kutsogolo ngati madontho a mafuta ophikira, limodzi litakhudza chilembo chomaliza cha dzina. Bamboyo anangoti kukamwa yasa. Panalibe chomwe tikanachita.

Choncho muuzeni wopanga felemu mosapita m'mbali: guluu ayi, selotepi ayi, kulamineta ayi, kudula khadi kuti likwane windo ayi. Khadi ligwiridwe ndi timakona tapulasitiki tosungira zithunzi, tomwe timamatidwa pa katoni ya kumbuyo osati pa khadilo. Mat ndi katoni ya kumbuyo zikhale zopanda asidi, chifukwa katoni wamba imasiya mzere wabulauni kuzungulira pepala pakapita zaka. Galasi likhale lotchinga kuwala kwa UV, komwe kumafwifwitsa inki, ndipo lisagunde inki. Ntchito ina ya mat ndi imeneyo, kusiya mpata pakati pa pepala ndi galasi.

Asanatseke, jambulani khadilo kutsogolo ndi kumbuyo ndi foni yanu. Ngati kampani younika masiginecha inakupatsani kalata yotsimikiza, iikeni mu envelopu, muimate kunja kwa chivundikiro cha kumbuyo, pamodzi ndi kapepala konena komwe chithunzi chinachokera ndi chaka chake.

Pachikani pakhoma lomwe dzuwa silifikapo, kutali ndi khitchini ndi bafa. Galasi la UV limangochepetsa, silithetsa, ndipo inki ya bolopeni sichedwa kufwifwa. Ngati felemuyi mudzapita nayo kumudzi, mdani wake wamkulu kumeneko ndi chinyezi cha nthawi ya dzinja. Sankhani khoma la m'kati mwa nyumba, osati lomwe mvula imaomba kunja kwake, ndipo kumbuyo kwa felemu, m'makona awiri apansi, matani timphira ting'onoting'ono kuti mpweya uzidutsa pakati pa felemu ndi khoma. Mvula ikatha chaka chilichonse, itsitseni muone ngati chuku sichinayambe m'mphepete mwa mat.